Mlandu Suli kwa Oponya Voti

Pali mau amene amamveka kawirikawiri pa msika wa Kapata ndi m'misonkhano ya ndale ku Chipata, akuti akazi ndi ocepa m'Nyumba ya Malamulo cifukwa anthu a kumidzi safuna kutsogoleredwa ndi mkazi. Mau amenewa amakoma m'makutu a akuluakulu a zipani, pakuti amawacotsera mlandu, koma ndi onama.

Wonena zotere apite ku Kasenengwa akafunse. Anthu a kumeneko anasankha Vera Tembo mu 2006, ndipo mu 2011 anasankha Victoria Kalima. Khoti litafafaniza kupambana kwake anamsankhanso mu 2014, nabwereza mu 2016. Mai ameneyu atamwalira mu 2018 mpando unapita kwa mwamuna. Kodi alimi omwewo anatembenuka mtima usiku umodzi? Nanga angadabwe bwanji ndi mkazi pampando anthu amene m'cigawo cao muli Mfumukazi Nyanje ndi Mfumukazi Kawaza, ndiponso Acewa amene amawerenga mtundu wao kucokera kwa amai?

Colakwa cili m'kasankhidwe kamene Zambia anatengera kwa Angelezi: dera limodzi, mpando umodzi, ndipo woposa anzake ngakhale ndi voti imodzi atenga zonse. Motero cipani cimaimika munthu mmodzi yekha padera lililonse, ndipo komiti yosankha munthuyo siyamba yafunsa za nzeru zake. Imafunsa ngati ali nazo ndalama za zitenje, za mafuta a galimoto, za kulembetsa dzina, ndi za kudyetsa anyamata omperekeza. Mkazi amene anavina ndi kuphikira msonkhano uliwonse wa cipani zaka khumi amagwa pakhomo pomwepo, oponya voti asanaone n'komwe dzina lake. Pamwamba pa izi, lamulo la 2016 linati wofuna uphungu akhale ndi setifiketi ya Grade 12, m'dziko limene atsikana ambiri anacotsedwa pasukulu ndi maukwati aubwana. N'cifukwa cake mu 2021 akazi opambana sanafike 25 pa mipando 156.

Kungodutsa malire pa Chanida zinthu n'zosiyana. Ku Mozambique cipani cimapereka mndandanda wa maina a cigawo conse, monga ca Tete, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene cipani capeza. Pamndandanda wotere kusowa kwa akazi kumaonekera poyera, ndipo Frelimo inadziikira lamulo lowasungira malo. Citatha cisankho ca 2019 akazi anapitirira 40 mwa aphungu 100 alionse. Sikuti amuna a ku Tete ndi ofatsa kuposa a kwa Mpezeni ai.

Mu Disembala 2025 malamulo a Zambia anasinthidwa, ndipo akazi anapatsidwa mipando 20 ya pamndandanda. Ena anaomba m'manja ngati mlandu watha. Koma tsiku lomwelo mipando ya madera inakwera kufika 226, ndipo kasankhidwe kake n'komwe kaja. Coopsa n'cakuti tsopano komiti ili ndi mau aulemu okanira mkazi: “Mai, dikirani malo anu pamndandanda.” Phungu wa pamndandanda alibe dera lake, ndipo amayamika amene analemba dzina lake, osati anthu a kumudzi. Cipani codzitama kuti cimakweza akazi cionetse maina amene caimika ku Luangeni, ku Chipangali, ku Chipata Central ndi ku Kasenengwa komwe.