PAKHOMO PATHU: Kalulu wopempha nsima

Mwezi uno tikucheza nanu kuchokera ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, kumene apaulendo a pa mseu wa Great East amapatuka kuti akaone madzi otentha otumphuka pansi. Ife sitinapitire madziwo ai. Tinakachezera mphakati wina, ndipo mapemphero atatha agogo ena aakazi anatiitanira kuseri kwa nyumba yawo kuti tikaone chimene chinawasowetsa tulo sabata lonse.

Kumeneko tinapeza khola la akalulu lomangidwa bwino, lokwezeka, la nsungwi ndi waya. Mwini wake ndi mdzukulu wawo wa m'Giredi 6, amene amagulitsa ana a akalulu kuti apeze makope ndi sopo. Anali ndi akalulu aakazi awiri, koma woyera uja, amene iye ankamukonda koposa, anali atafa. Kalulu ameneyu anazolowera kutulutsidwa nthawi ya chakudya. Banja likakhala pamphasa, iye ankaima ndi miyendo yakumbuyo, mphuno ili phethiphethi, ndipo palibe amene ankalimba mtima kumumana. Wina mbamu ya nsima, wina kachidutswa ka chitumbuwa, wina buledi woviika mu tiyi. Patapita miyezi, udzu anayamba kungoununkhiza. Tsiku lina m'mawa anamupeza ali khuma pangodya, mimba itatupa ngati ng'oma, pansi pa khola palibe ndowe ngakhale imodzi. Dzuwa lisanalowe anafa, kusiya ana asanu oyamwa.

Agogowo anatsitsa mau nati, "Ana anga, kalulu wonenepa chotere angafe yekha? Kodi si munthu wachita zimenezi?" Maso awo analoza ku nyumba ya mnansi amene anali atakangana naye pa nkhani ya mbuzi. Apa mpamene tinaona kuti nkhaniyi yakula, pakuti Akhristu awiri a mphakati umodzi anali atasiya kupatsana moni. Tinawayankha monga tikuyankhira inu pano: zizindikiro zonse zikuloza ku mbale ya pamphasa.

Kalulu woweta ndi wosiyana ndi kalulu wa m'tchire, wochenjera uja wa m'nthano za agogo athu. Makolo ake anachokera ku Spain ndi Portugal, kumene ankakhala m'mauna namadya udzu wouma ndi masamba. Mulungu anaumba mimba yake molingana ndi chakudya chimenecho. M'kati mwake muli thumbo lalikulu ngati thumba, modzaza tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene timagaya udzu pang'onopang'ono. Ulusi wa udzu ndiwo umakankha zonse kuti matumbo aziyendabe. Tsono mukathiramo nsima, buledi kapena shuga, tizilombo toipa timachuluka msanga, mpweya umadzaza, ndipo matumbo amaima kapena kalulu amatsegula m'mimba koopsa. Galu akadya chomuipira amasanza, koma kalulu sangathe kusanza. Chimene chalowa chiyenera kudutsa njira yonse.

Palinso nkhani ya mano. Kalulu ali ndi mano 28, ndipo onsewo amakula moyo wake wonse. Akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu kwa maola ambiri. Nsima njofewa, amangoimeza. Motero mano amatalika, amapindika, amabaya lilime ndi masaya, kufikira kalulu alephera kudya ngakhale atafuna. Mukaona kalulu ali ndi dovu pachibwano, yang'anani m'kamwa.

Owerenga Buku Loyera adzakumbukira kuti pa Levitiko 11:6 kalulu anawerengedwa pamodzi ndi nyama zobzikula. Iye sabzikula monga ng'ombe, komabe chakudya chake chimadutsa m'thupi kawiri. Amatulutsa ndowe za mitundu iwiri: zouma zozungulira zimene timasesa n'kukathira kudimba, ndi zina zofewa zomatirirana zimene amadya zikungotuluka, kawirikawiri usiku kapena m'mamawa. Ana akaona zimenezi asamumenye, pakuti m'menemo ndi mmene amapezamo zakudya zomanga thupi ndi mavitamini. Kalulu wokhuta nsima amazisiya ndowe zofewazi, zimamatirira kumchira, ndipo ntchentche zimaikirapo mazira.

Nanga bwanji amapempha chimene chingamuphe? Funso limeneli mayi aliyense angaliyankhe, chifukwa mwana wamng'ono mukamuikira switi ndi ndiwo zamasamba, tonse tikudziwa kumene dzanja lipite. Kalulu naye amathamangira chotsekemera ndi chokhutitsa msanga. M'tchire zotere nzosowa, choncho sizimupweteka. Pakhomo zili tsiku ndi tsiku. Ndiponso ndi nyama yophunzira msanga. Akaona kuti kuimirira pafupi ndi mphasa kumabweretsa mbamu, mawa adzaimiriranso. Kupempha kwakeko ndi chizolowezi chimene tamuphunzitsa ife eni, ndipo nthawi zambiri sikutanthauza njala.

Kuthetsa chizolowezichi kuyambire pa anthu. Banja lonse ligwirizane, kuyambira agogo mpaka mwana wotsiriza, chifukwa mmodzi yekha wachifundo chobisa amaononga ntchito ya onse. Nthawi ya chakudya kalulu akhale m'khola mwake, ndipo nthawi yomweyo mumupatse masamba ake atsopano kuti naye akhale ndi chochita. Makombo a nsima apite kwa nkhuku ndi agalu.

Koma pano tichenjeze kwambiri. Musaganize zomulanga ndi njala kuti aphunzire kudya udzu. Kalulu akakhala theka la tsiku osadya kanthu, matumbo ake amayamba kuima, ndipo mungamuphe pofuna kumuchiritsa. Chepetsani zozolowera zija pang'onopang'ono kwa sabata limodzi kapena awiri, uku mukuchulukitsa udzu. Chakudya chatsopano chilichonse chiyambe pang'ono.

Chakudya chenicheni ndi udzu, ndipo usasowe m'khola usana ndi usiku. Mulu wa tsiku limodzi ukhale wofanana ndi msinkhu wa kaluluyo. Pamwamba pa udzu onjezani masamba amene tili nawo kale: chisoso, chimene ambiri kuno amati kanunka, kholowa, ndiye kalembula, masamba a mabulosi, a nthochi, ndi masamba a mtedza otsala pokolola. Bonongwe ndi kabichi zikhale zochepa. Masamba onyowa ndi mame kapena mvula muyambe mwawayanika pamthunzi kuti afote. Musawaunjike m'thumba la pulasitiki kuti atenthe, ndipo muwamangirire m'mwamba kuti asapondedwe ndi kuipitsidwa. Zamasamba za kudimba zimene zapoperedwa mankhwala posachedwa zisafike kukhola.

Vuto lalikulu kuno limabwera m'chilimwe, tchire likapsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mwana amayenda mtunda wautali osapeza kobiriwira, ndipo mpamene mabanja ambiri amatembenukira ku nsima ndi gaga. Mankhwala ake ndi kukonzekera mu Epulo ndi Meyi: mwetani udzu usanaumiretu, uyanikeni, muumange mitolo pamodzi ndi masamba a mtedza, ndi kuusunga pamalo okwera posafika chinyezi. Gaga pang'ono, wodzaza dzanja la mwana, angathandize kalulu woyamwitsa, koma akhale wouma ndi wonunkhira bwino. Sitinaiwale kuti m'chaka cha 2024, chaka cha chilala chija, boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno chifukwa cha chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Kalulu ndi mmodzi wa nyama zosachedwa kugonja ku poizoni ameneyu. Gaga wachuku atayidwe.

Zina zisayesedwe n'komwe: kotapela, chipatso ndi masamba omwe, anyezi, masamba a tomato ndi a mbatata ya kachewere, chinangwa chachiwisi, chokoleti, ndi chitsamba chija cha maluwa okongola chotchedwa lantana. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse. Alipo amene amati kalulu samwa madzi, koma chikhulupiriro chimenechi chapha akalulu ambiri m'kutentha kwa Okutobala.

Tikudziwa kuti ana adzati, "Ndiye tisamupatsenso kanthu m'manja?" Mupatseni ndithu. Kachidutswa ka gwafa, nthochi kapena karoti kofanana ndi chala chachikulu, kawiri kapena katatu pa sabata, nkokwanira. Koposa apo, tsamba la kalembula loperekedwa m'manja amalilandira ndi chimwemwe chomwecho. Amatisimbira kuti Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene timamukumbukira pa 4 Okutobala, anamasula kalulu wogwidwa mumsampha namufukata. Sitinamvepo kuti anamudyetsa buledi.

M'mawa uliwonse mwini khola ayang'ane pansi asanayang'ane china. Ndowe zambiri, zazikulu ndi zozungulira ndi chizindikiro cha moyo. Zikachepa, zikakhala zing'onozing'ono, kapena kalulu akakana ngakhale tsamba limene amalikonda namakukuta mano, musadikire mawa. Mumwetseni madzi pang'onopang'ono, muikireni masamba ofota pafupi, ndipo funani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Mankhwala a anthu, makamaka makapisozi a amoxicillin ndi penicillin, musamumwetse, chifukwa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo tija.

Ana asanu amasiye aja, mnyamatayo anawaika m'chisa cha kalulu winayo, amene anali ndi ana ake a msinkhu womwewo; atatu anapulumuka. Pamene tinkatsanzika, agogo anali kudandaula kuti kudimba kwawo kulibe kalembula wokwanira pakamwa ponsepo. Amene ali ndi dimba lalikulu la mbatata m'mudzimo ndi mnansi uja wa mbuzi. Tinawasiya atamanga chitenje, mdzukulu ali patsogolo ndi dengu, akulowera komweko kukaodira.