Mphete ya chitomero: dayamondi kapena mwala wa ku Lufwanyama?

Masiku ano mu Lusaka kutomera mkazi sikuthera pa nsalamu ndi ankhoswe chabe. Mnyamata afunika kugwada, pakhale wojambula, kabokosi katseguke, ndipo madzulo chithunzi cha chala chikhale pa Facebook. Anzake a mtsikana akachiona, funso loyamba ndi lakuti: "Ni dayamondi yeniyeni iyo?" Funso limeneli lapereka anyamata ambiri kwa akaloba, pomwe lobola, chilanga mulilo ndi kitcheni pate zikali kudikira.

Mwambo wa dayamondi pa chala ndi wa dzulodzulo, ngakhale kwa azungu. Unakula chifukwa cha malonda a kampani ya De Beers, imene inayamba kuutsatsa mwamphamvu ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Mawu ake otchuka akuti dayamondi ndi yamuyaya anatuluka mu 1947. Lamulo lija mumamva m'basi, ati mphete ikhale ya malipiro a miyezi iwiri, linachokeranso kwa otsatsa malonda omwewo. Palibe alangizi amene analiphunzitsa.

Manje msika wa dayamondi wagwedezeka. Mafakitale, makamaka a ku China ndi India, akupanga dayamondi m'makina. Si galasi iyayi, ndi dayamondi ndithu, yolimba ndi yowala chimodzimodzi ndi yokumba, moti popanda makina apadera simungazisiyanitse. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo wakokera pansi ndi yokumba yomwe. Mu 2024 Anglo American inalengeza kuti ifuna kuchoka mu De Beers. Mu 2025 De Beers inalengeza kutseka Lightbox, bizinesi yake yogulitsa dayamondi yopanga, mitengo itagwa. Anansi athu a ku Botswana, amene ndalama zambiri zakunja amazipeza pa dayamondi, chuma chawo chinabwerera m'mbuyo mu 2024.

Choncho wina akakuuzani kuti mphete ya dayamondi ndi chuma chosunga, mufunseni ngati anayesapo kuibweza ku shopu kuti amugule. Ndalama imene amapereka pogula kwa inu imakhala kutali ndi imene munalipira.

Apa ndi pamene ena amati, nanga tilekeranji mwala wathu? Ali ndi mfundo. Zambia ili pamodzi ndi Colombia ndi Brazil pa mayiko otsogola pa emerodi, mwala wobiriwira uja. Mgodi wa Kagem ku Lufwanyama uli m'gulu la migodi ikuluikulu ya emerodi padziko lonse. Kampani ya Gemfields ili ndi 75 peresenti, boma 25 peresenti. Kumeneko ndi kumene kunatuluka Inkalamu mu 2018, ya makarati 5,655, ndi Chipembele mu 2021, ya makarati 7,525. Ku Mapatizya, kummwera, kuli ametisiti wa mtundu wa pepo. Ku Lundazi kuli akwamarini wa buluu wotuwirako ndi tomalini. Ndipo mwala wa mtundu pa chala si chinthu chochititsa manyazi: mphete ya Diana ya mu 1981, imene William anapatsa Kate mu 2010, ili ndi safaya wa buluu pakati.

Koma pitani mukafune emerodi yabwino mu tauni muno, muona pamene pali vuto. Miyala yabwino ya ku Lufwanyama imagulitsidwa yosadula pa okishoni, ogula ambiri ndi akunja, ndipo yambiri imakadulidwa ndi kupukutidwa ku Jaipur, ku India. Ntchito, luso ndi phindu lalikulu zimatsala komweko. Ukabwerera kuno uli pa golide, mwala umene unachoka pa Copperbelt umakhala ndi mtengo wa madola. Emerodi yapamwamba imatha kudula kupambana dayamondi ya kukula komweko, choncho musaganize kuti wobiriwira ndiye wotchipa nthawi zonse.

Boma nalo silinakhazikike pa nkhaniyi. Mu January 2025 msonkho wa 15 peresenti pa miyala ya mtengo wapatali yotumizidwa kunja unabwerera, eni migodi anadandaula, ndipo mu February unaimitsidwanso. Nthawi yomweyo Kagem inali itaimitsa kukumba kwa miyezi ingapo, ikunena kuti emerodi yachuluka pa msika. Ine ndikuona kuti mkangano wa msonkho umatiiwalitsa funso lalikulu: odula miyala athu ali kuti? Ku Ndola kuli sukulu yophunzitsa kudula ndi kupukuta miyala, koma wophunzira akamaliza afunika makina, magetsi osazimazima ndi miyala yabwino yogwirapo ntchito. Pa okishoni ya madola mamiliyoni iye sangapikisane ndi munthu wa ku Jaipur.

Tibwere pa chala chenicheni, chimene chimachapa ndi Boom, kukwecha mapoto ndi kugwira chitseko cha basi ya ku Chawama m'mawa uliwonse. Apa dayamondi iwina, tisanamizane. Pa sikelo ya kulimba ya Mohs ili pa 10. Safaya ndi rube ali pa 9. Emerodi ndi akwamarini ali pakati pa 7.5 ndi 8, ametisiti pa 7. Emerodi ili ndi vuto lina: pafupifupi yonse imakhala ndi timing'alu mkati, ndipo odula amathiramo mafuta kuti tisaoneke. Madzi otentha ndi sopo wamphamvu zimachotsa mafutawo, ndipo kuigunda pa chitsulo kungaibenthule. Ametisiti naye amasuluka akakhalitsa pa dzuwa lamphamvu. Mankhwala ake ndi osavuta: kuvula mphete pochapa, ndi kuuza wosula kuti golide kapena siliva azungulire m'mphepete mwa mwala wonse, osati kuugwira ndi tizala tinayi chabe.

Chenjerani ndi uja wokunong'onezani pa siteshoni, ati "bosi, nili na mwala wa ku Ndola Rural." Galasi la botolo lobiriwira lapusitsa anthu maningi. Komanso kupezeka ndi miyala yosadula popanda mapepala ndi mlandu. Gulani kwa wogulitsa amene ali ndi laisensi, ndipo pa lisiti alembe dzina la mwala, kulemera kwake, ndi ngati ndi wokumba kapena wopanga. Kwa dayamondi funsani chimodzimodzi, chifukwa kulipira mtengo wa yokumba pa yopanga ndi kuberedwa masana.

Mutandifunsa ine, pa malipiro a mtolankhani, ndingasankhe akwamarini kapena ametisiti wodulidwa konkuno, ndalama yotsala ipite ku renti ya nyumba yoyamba. Ngati mtsikanayo mtima wake uli pa mwala woyera wonyezimira, yopanga ilipo, bola mumuuze zoona asanakamve kwa mnzake wa ku saluni. Ndipo musanapite ku shopu, mufunseni mwini chalayo mtundu umene amakonda ndi saizi yake. Ndiye adzaivala, ndipo ndiye adzayankha azakhali akafunsa kuti chifukwa chiyani mwala wake ndi wobiriwira.