Chuma cha Kabula sachiyeza ndi kutalika kwa Delamere House

Mkangano wakuti mzinda wolemera ndi uti pakati pa Blantyre ndi Lilongwe wafika poti aliyense amayenda ndi umboni wake m'foni. A ku Lilongwe amatulutsa chithunzi cha msewu wa Kenyatta, misewu yodutsana m'mwamba ya pa Area 18, bwalo la Bingu ndi hotela ya pa Umodzi Park. A ku Kabula amabweza moto ndi Delamere House, Chayamba, Livingstone Towers ndi likulu la National Bank, atazijambula madzulo magetsi atayaka. Kenako wina amaponyapo Sandton kapena Dubai, onse n'kugwa mphwayi. Zikanakhala zothera m'mabala ngati za Bullets ndi Wanderers, ndikanangoseka nawo. Koma maganizo omwewa, akuti mzinda wotukuka ndi wa nyumba zitalizitali, ndi amene timawamva pa misonkhano ya ndale, ndipo amene amavutika nawo ndi anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri.

Nsanjika imangotiuza kuti wina anali ndi ndalama kapena anapeza ngongole pa nthawi yomwe ankamanga. Burj Khalifa, nyumba yaitali kuposa zonse padziko lapansi, ya mamita 828, anaitsegula mu 2010 Dubai ili m'ngongole mpaka m'khosi, ndipo dzina lomwe ili nalo ndi la mfumu ya Abu Dhabi yomwe inawaombola. Ku Pyongyang kuli hotela ya nsanjika 105 yomwe anayamba kumanga mu 1987, mpaka lero sinalandirepo mlendo. Pomwe ku Washington lamulo la 1910 limaletsa kumanga nyumba zazitali kwambiri, koma palibe amene anganene kuti kumeneko n'kosauka. Abale athu a ku Joni safuna kuwafotokozera zimenezi. Amadziwa kuti ukaima pa Alexandra nsanjika za Sandton umaziona bwinobwino kutsidya kwa msewu, ndipo ambiri mwa amene amakolopa ndi kulondera m'nsanjikamo amagona ku Alexandra komweko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga m'nsanjika za pa Victoria Avenue ndi Henderson Street muli chiyani? Muli mabanki, makampani a inshuwalansi, maloya ndi malikulu a makampani. Ntchito zimenezi n'zofunika, sindikuzinyoza. Koma ndalama zambiri zomwe zimawerengedwa m'maofesi a mu Blantyre zinapangidwa kwina. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe. Shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa likulu lake lili ku Limbe. Bungwe lotolera misonkho la MRA likulu lake ndi Msonkho House, mu Blantyre momwemo. Ndipo mabanki athu gawo lalikulu la phindu lawo limachokera kukongoza boma, osati kukongoza wowotcherera wa ku Bangwe. Choncho munthu akaloza nyumba zimenezi n'kumati "taonani chuma cha Blantyre", akuloza malo omwe ndalama zimalembedwa m'mabuku.

Zomwe zimapangidwadi ndi manja a anthu a mumzindawu, zambiri sizilembedwa paliponse. Pitani ku Ndirande mukaime pomwe pali okhoma zidebe. Munthu amatenga lata lakale kapena mgolo wotha ntchito, kuuwongola ndi hamala pa chidutswa cha njanji, kulemba mzere ndi msomali, kudula, kupinda m'mphepete, pofika masana mbaula zaunjikana pambali pake zikudikira amayi odzapikula. Chapafupi pali akalipentala a mabedi, masofa ndi mabokosi a maliro, owotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo, amakanika, ndi ogulitsa zipangizo za galimoto zomwe m'masitolo a m'tauni mungazifune mpaka dzuwa kulowa. Mafelemu amenewo ndi omwe akumangira nyumba ku Chileka, ku Mpemba ndi ku Chigumula. Onjezanipo matelala, zigayo, amayi a mandasi ndi a kaunjika, anyamata a kabaza, ndi mabanki m'khonde omwe amakongoza anthu amene banki ya pa Victoria Avenue singawapatse ngakhale mpando.

Anthu amenewa si ochepa oti n'kuwaika m'mawu a m'munsi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre ndi 989,318 mu Lilongwe. Lipoti la UN-Habitat la 2011 linati anthu oposa 65 mwa 100 alionse a mu Blantyre amakhala m'malo omwe anthu anangomangamo popanda mapulani, opanikizana pa gawo losakwana kota ya malo a mzindawu. Kafukufuku wa zantchito wa 2013 anapeza kuti Amalawi 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito ali pa ntchito zosalembetsedwa, zopanda penshoni kapena kalata. Ndiye amene akufanizira mizinda iwiriyi ndi zithunzi za pakati pa tauni wasiya kunja anthu ochuluka a mizinda yonse iwiri.

Ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba imatiuza chuma chomwe dziko lonse lapanga pa chaka, chomwe akatswiri amati GDP, ndipo imachigawa m'magulu monga ulimi, mafakitale ndi malonda. Chiwerengero chimenechi chimadalira kwambiri zomwe owerengawo anatha kuziona. Nigeria itasintha kawerengedwe mu 2014, chuma chake pa pepala chinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri tsiku limodzi, popanda fakitale yatsopano ngakhale imodzi. Ifenso titayamba kuwerengera kuchokera pa chaka cha 2017 m'malo mwa 2010, chuma chathu chinapezeka chokulirapo ndithu kuposa momwe tinkanenera. Ngati dziko lathunthu likhoza kudziphonya chonchi, kuli bwanji lokeshoni yomwe malonda ake ambiri alibe lisiti?

Tisaiwalenso momwe malokeshoni amenewa anafikira pano. Ndirande inadzaza chifukwa cha mafakitale a ku Makata ndi Ginnery Corner. Munthu ankadzuka m'mawa n'kuyenda wapansi kupita ku David Whitehead kukaluka nsalu, kapena ku Carlsberg, fakitale yomwe inatsegulidwa mu 1968 ngati yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. David Whitehead, yomwe inkalemba anthu masauzande, inafooka mpaka boma linaigulitsa mu 2003, kaunjika atadzaza kale m'misika. Anthu amene anachotsedwa ntchito m'mafakitale sanasamuke onse kubwerera kumudzi. Ambiri anatsegula geni pakhomo. Kufooka kwenikweni kwa Blantyre kunachitikira kumeneko, m'mashedi aatali chopingasa a ku Makata, ndipo pa chithunzi cha nsanjika za m'tauni simungakuone.

Akuluakulu a mzinda akhala akuyang'ana nkhope ya tauni kuyambira kale. M'nthawi ya Kamuzu nyumba zakale za m'tauni ankazipaka nyenyezi yofiira, kutanthauza kuti zigwetsedwe pamangidwe zooneka bwino, ndipo khonsolo yakhala ikuidzutsa kampeni imeneyi nthawi ndi nthawi. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo. Misewu inayera, sindikutsutsa, ndipo oyenda pansi anapuma. Koma changu chomwe timaonetsa poyeretsa Haile Selassie Road sitinachionetsepo pokonza ngalande za mumsika wa Ndirande kapena zimbudzi za mumsika wa Zingwangwa.

Chomwe chimapha geni ya m'lokeshoni n'chodziwika. Wowotcherera magetsi akathima amangokhala pa benchi, oda ya kasitomala ili poteropo, n'kudzayamba ntchito usiku akayaka. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'nsanjika anangoliza majenereta. Ku Bangwe zigayo zinaima. Madzi nawo ndi nkhani ina. Ambiri omwe mzindawu umamwa amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 chokwera phiri, ndiye magetsi akavuta mipope imauma. Mayi wa ku Machinjiri kapena ku Chilomoni wophika zogulitsa amayamba waima pa mzere wa zidebe pa kiyosiki kusanache, ndipo pakauma amakagula kwa ogulitsa m'zigubu pa mtengo womwe wa ku Namiwawa sangaulole pa bilu yake. Maola amenewo ndi chuma chotayika, ndipo palibe amene amawawerenga.

Wina anena kuti ndikutamanda umphawi. Ayi. Wokhoma zidebe amagwira ntchito yolemetsa pa phindu lochepa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mpamba wake unasungunuka ali maso. Mzinda sungalemere ndi mbaula zokha. Koma fakitale yamawa idzachokera kwa wowotcherera amene lero ali ndi anyamata atatu, akapeza magetsi odalirika, shedi yakeyake, msewu wofika lole, ndi pepala la malo loti banki ingalilandire ngati chikole. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula mafakitale ndi kukula kwa mizinda ngati mizati iwiri mwa itatu ya chitukuko. Mizati iwiriyi imakumana ku Ndirande, osati m'chipinda cha misonkhano ku hotela ya Mount Soche.

Ndipo nsanjika sindidana nazo. Zimene Blantyre ikusowa ndi zogonamo anthu, za nsanjika zitatu kapena zinayi, zokhala ndi madzi ndi zimbudzi, m'malokeshoni momwemo. Mzindawu wazunguliridwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, ndipo poti pansi padzaza, anthu akhala akukwera nawo mapiriwo, kugula kapuloti kwa mfumu, kudula mitengo n'kumanga ndi zidina. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Anthu amenewo sanakwere phiri chifukwa chokonda mphepo. Anasowa malo pafupi ndi pomwe amapezera ndalama. Chaka chomwecho kolera anali akupha anthu m'malokeshoni omwewa chifukwa cha madzi oipa.

Kuyamba kuwerenga chuma cha m'malokeshoni sikufuna katswiri wochokera kunja. Tsiku lililonse wotolera ndalama wa khonsolo amazungulira mumsika ndi kabuku ka ziphaso, benchi ndi benchi, ndipo amene sanadule samusiya. Ndiye kuti khonsolo ikudziwa kuti ku Ndirande kuli mabenchi angati, ku Bangwe angati, ku Zingwangwa angati. Ikhome pa geti la msika uliwonse, mwezi ndi mwezi, ndalama zomwe yatolera pamenepo ndi zomwe yabweza pa zinyalala, zimbudzi, ngalande ndi magetsi a mumsika. Makhansala a madera amenewa akafunse zimenezi pa msonkhano wa khonsolo, ndipo NSO, pa kalembera akubwerayu, iwerenge mashedi, zigayo ndi magalaja a m'lokeshoni iliyonse payokha, pamodzi ndi anthu omwe amalembedwa ntchito mmenemo.