5G yanuyo ibwere, koma 2G musaikhudze

Kuyambira 2023, pomwe TNM inayamba kuyesa 5G ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pali anzanga ena amene sagona nayo tulo. Akuti liwiro, akuti filimu yonse kutsitsa m'kanthawi kochepa. Chabwino. Koma ine ndikufunsa: filimuyo mutsitsira pa foni iti?

5G si pulogalamu yoti ungoika m'foni. Imafuna kachipangizo kake m'kati mwa foniyo, ndipo ngati mulibe, ngakhale utaima pansi pa nsanja penipeni, sungaigwire. Ndiye kuti ugule foni ina, pa mitengo ya lero, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wi-Fi bola, ili ndi ulemu: rauta ya Wi-Fi 6 imalandirabe foni yakale, kungoti foniyo imayenda pa liwiro lake lakale lomwelo. Wi-Fi 6E ndiye ili ndi msewu wina wa 6 GHz umene mafoni akale sauona n'komwe.

Tsikirani ku Senga Bay m'mamawa, maboti akamakocheza, muone mafoni amene akugwira ntchito. Ndi timabatani ta itel, tomangidwa ndi mphira, batire lokhala masiku angapo osatchaja. Mayi wogula usipa amaimbira pomwepo kufunsa mtengo ku Lilongwe, n'kudina *211# kapena *444#, ndalama yapita kwa mwini boti. Mwera ukabuka, msodzi amaimbira kunyumba pa kafoni komweko kuti wakocheza bwino. Zonsezi ndi 2G, imene anyamata a m'tauni amaiseka.

Chondiopsa n'chakuti kwina anayamba kale kuzimitsa zakale kuti zatsopano zipeze malo. Ku America, AT&T inatseka 3G mu 2022, ndipo boma la South Africa linalengezanso zofuna kutseka 2G ndi 3G. Ife timakonda kutengera zoterezi osafunsa.

A MACRA, tsiku lomwe kampani iliyonse idzabwere ndi pempho lotere, mudzayambe mwawerenga timabatani tomwe tili m'mbali mwa nyanja kuchoka ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota. Ndipo makampani, ngati ndalama zilipo, kokerani 4G m'midzi ya asodzi ndi kutsitsa mtengo wa bandulo. Ine 5G ndidzaiombera m'manja mayi wa usipa uja akadzatha kugula foni yake osagulitsa chibakuwa cha nsomba cha mwezi wathunthu.