Mawaya a mtundu wa lalanje sakhudzidwa

Mawaya a mtundu wa lalanje omwe ali pansi pa boneti ya Mitsubishi Outlander PHEV, galimoto yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2013, amanyamula magetsi a mavolti pafupifupi 300, ndipo makaniko wosaphunzira za magetsiwa sayenera kuwakhudza. Galimotoyi imatchajidwa pasoketi komanso imamwa petulo. Chingwe chotchajira chikadali cholumikizidwa, imakana kuyenda. Ikamayenda pang'onopang'ono ndi batire lokha, imatulutsa kaphokoso kochenjeza oyenda pansi. Choopsa chachikulu ndi bata lake: nyali ya READY ikayaka, injini imatha kulira yokha, ndipo utsi wake m'galaja yotseka umapha. N'chifukwa chake wogula galimoto yotere ayenera kuwerenga buku lake asanagwire chiwongolero, pakuti zida zotetezera zimapulumutsa munthu amene akuzidziwa bwino.