Magazi angalosere za khansa ya m'matumbo, koma wodwala ayambe wafika ku cipatala

Mu komboni ya Mtendere, monganso ku Kalingalinga, Kanyama ndi George, kuli matenda amene anthu sakonda kuwachula pagulu. Bambo akaona magazi m'cimbudzi cake amafulumira kunena kuti ndi kamwazi, kapena matenda a mudzi aja ambiri m'tauni amangoti ma piles. Amagula mapilisi pa kantemba, apo ayi amamwa mizu imene mnzake wamuuza, osanena kanthu ngakhale kwa mkazi wake. Miyezi imapita. Pofika ku kiliniki amakhala ataonda, lamba atabooledwa kale kawiri.

Nthawi zambiri amakhaladi matenda a mudzi. Koma nthawi zina cimakhala cotupa ca khansa cimene camera kumapeto kwa thumbo lalikulu, pafupi ndi potulukira cimbudzi. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'thumbo lalikulu, ndipo pafupifupi 900,000 anafa nayo. Si matenda a azungu okha, ndiponso si a nkhalamba zokha.

Kwa zaka zambiri tsopano akatswiri a kumaiko akunja akhala akufufuza ngati magazi a wodwala angaonetse m'mene khansa yake idzayendera. Thupi la munthu limapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tochedwa maselo. Cotupa ca khansa cikamakula, maselo ake ena amathothoka ndi kulowa m'mitsempha, ndipo magazi amawatenga monga m'mene madzi a mvula amakokololera mbeu. Akakakhazikika ku ciwindi kapena ku mapapo, amamera cotupa cina. Woyamba kulemba za maselo otere anali dokotala wa ku Australia, Thomas Ashworth, mu 1869, atapima magazi a munthu amene anafa ndi khansa.

Kuwapeza ndi nchito yaikulu, pakuti maselo ocepa cabe amabisala pakati pa mabiliyoni a maselo abwino a magazi. Makina ochedwa CellSearch amawawerenga m'magazi okwana mamililita 7.5, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi ndi theka. Boma la America linalola makinawa pa khansa ya m'mawere mu 2004, ndipo mu 2007 linawalola pa khansa ya m'thumbo lalikulu imene yafalikira kale. Mu 2008 Dr Steven Cohen wa ku Philadelphia ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa odwala 430. Mwa odwala amene anali ndi maselo osakwana 3 m'magazi opimidwawo, theka anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 18. Mwa amene anali ndi maselo 3 kapena kuposerapo, theka sanapitirire miyezi 10.

Kudziwiratu kotere n'kofunika kwambiri pa khansa ya kumapeto kwa thumbo cifukwa cithandizo cake ndi colemera. Kawirikawiri wodwala amayamba wawochedwa cotupaco ndi makina a radiotherapy pamodzi ndi kulandira mankhwala amphamvu, kenako amapita ku opaleshoni. Cotupa cikakhala m'munsi kwambiri, madokotala amatseka njira ya cimbudzi ndi kuboola ina pamimba, ndipo munthuyo amavala kathumba moyo wake wonse. Kwa munthu wokhala pa nyumba ya lendi, wogwiritsa nchito cimbudzi cimodzi ndi mabanja ena, wotunga madzi ogula pa mpopi, kathumba kameneka ndi katundu wolemera.

Mu 2004 dokotala wa ku São Paulo m'dziko la Brazil, Angelita Habr-Gama, anaonetsa kuti odwala ena amene cotupa cao cazimiririka pambuyo pa radiotherapy ndi mankhwala angathe kukhala osacitidwa opaleshoni, malinga apimidwe kawirikawiri. Vuto ndi kudziwa amene khansa yamutheradi ndi amene yangomubisalira. Apa ndi pamene akatswiri akuyembekezera kuti magazi adzathandiza. Ena sawerenga maselo athunthu koma amafufuza tizibenthu ta DNA ya cotupa. Ku Australia, Dr Jeanne Tie ndi anzake anayesa njira imeneyi pa odwala 455 a khansa ya cigawo ca kumtunda ca thumbo lalikulu. Mu 2022 analengeza kuti potsatira magazi, odwala 15 pa 100 alionse ndiwo analandira mankhwala amphamvu pambuyo pa opaleshoni, m'malo mwa 28 pa 100, ndipo khansa sinabwerere kwambiri cifukwa ca zimenezo.

Imeneyi ndi nkhani yabwino, koma anthu aimve bwino. Kupima kumeneku sikuciritsa. Si njiranso yofufuzira khansa mwa munthu amene akungoona magazi m'cimbudzi, pakuti cotupa cikakhala caciyambi maselo ake nthawi zambiri saoneka m'magazi. Pa khansa ya kumapeto kwa thumbo madokotala akali kudalira kudula kanyama ka cotupa ndi kukapima, zithunzi za makina a CT ndi MRI, ndi kupima kwakale kwa magazi kochedwa CEA. Ndiponso ciwerengero ca miyezi cija ndi ca gulu, si tsiku la maliro la munthu mmodzi. Aliyense wolonjeza kuti dontho la magazi lidzauza wodwala zonse, bola alipire, ayenera kukayikiridwa.

Cinanso, odwala 430 aja onse anali ndi khansa yofalikira kale. Makina anangosiyanitsa amene ali pangozi yaikulu ndi amene ali pangozi yoceperako. Cimene cimasintha moyo wa wodwala kwambiri ndi nthawi imene wafikira ku cipatala. Khansa imeneyi ikapezeka isanacoke m'thumbo, ambiri amacira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cida cimene Mtendere ili naco lero ndi cala ca dokotala kapena kiliniko ofisa atavala gulovu. Kupima kwa mphindi zocepa kumeneku kumakhudza zotupa zambiri za m'munsi, ndipo sikufuna magetsi.

Dziko la Zambia linaona kale mphamvu ya njira zosavuta. Mu 2006 anamwino m'makiliniki a boma mu Lusaka anayamba kupima amai khansa ya khomo la ciberekero ndi viniga wamba. Poyamba manyazi anali ambiri, koma lero kupimako kunafalikira m'zigawo zonse za dziko. Njira ya wodwala wa ku Mtendere nayonso ilipo: kiliniki ya m'komboni, cipatala ca Levy Mwanawasa ku Chainama cimene cinatsegulidwa mu 2011, UTH, ndi Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007.

Cotero a Unduna wa Zaumoyo ayenera kuyambira pansi. Munthu wamkulu aliyense wobwera ndi dandaulo la magazi m'cimbudzi apimidwe m'cipinda cotseka bwino, asangolemberedwa mapilisi. Kalata yomutumiza ku cipatala cacikulu ilembedwe tsiku lomwelo ngati pali cokayikitsa, ndipo zotsatira za kanyama kodulidwa zibwere msanga. Pambuyo pa izi, madokotala a ku UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital athandizidwe kulowa nao m'kafukufuku wa magazi, kuti njirayi ikadzatsika mtengo idzakhale itayesedwa kale pa odwala a muno. Kugula makina odula pamene odwala akufika mocedwa kungakhale kufolera denga nyumba ilibe maziko.

Nao anthu ali ndi mbali yao. Magazi kapena cinanda m'cimbudzi, kutsekula m'mimba kosinthana ndi kudzimbidwa kwa milungu ingapo, kumva ngati cimbudzi sicinathe, kuonda popanda cifukwa ndi kucepa kwa magazi m'thupi ndi zizindikiro zofunika kupita nazo ku kiliniki, makamaka ngati m'banja munali wina amene anadwalapo khansa ya m'matumbo. Amene anamwa kale mankhwala a mudzi koma magazi osaleka abwererenso, ndipo apemphe yekha kupimidwa. Mai amene waona kuti mwamuna wake akubisa kanthu amuperekeze. Manyazi a m'cipinda copimira amatha tsiku lomwelo, pomwe wobisa matenda amaululidwa ndi maliro.