Misonkhano ya mabungwe ndi mtengo wa thonje: mlimi wa ku Chipata anapindulanji?

CHIPATA: Kuyambira pa 10 mpaka pa 14 Disembala chaka cha 2004, mzinda wa Lusaka unalandira nthumwi za mabungwe omwe si a boma zochokera m'maiko ambiri a mu Africa pa msonkhano wa African Social Forum. Msonkhanowu unali nthambi ya World Social Forum, womwe unayambira mumzinda wa Porto Alegre m'dziko la Brazil m'chaka cha 2001. Mfundo yaikulu ya nthumwizo inali yakuti kutsegula misika ya maiko osauka popanda chitetezo chilichonse kukuphwanya ufulu wachibadwidwe wa anthu ndiponso kukuononga chilengedwe.

Papita zaka zoposa 20 tsopano. Malo abwino oyesera ngati zokambiranazo zinabala zipatso ndi chigawo cha kum'mawa, komwe mabanja ambiri amadalira thonje ndi fodya, mbewu zomwe mitengo yake imaikidwa kutali ndi kumene zimalimidwa.

Pa nkhani ya ngongole, mabungwewa anapambana ndithu. Gulu la Jubilee-Zambia, lomwe linkagwira ntchito pansi pa bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, linasonkhanitsa anthu m'mipingo ndi m'zigawo kuti aumirize maiko olemera kukhululuka ngongole. Mu Epulo 2005 dziko la Zambia linakwaniritsa zofunika za ndondomeko ya HIPC, ndipo pofika 2006 ngongole yakunja, yomwe inali pafupifupi madola 7 biliyoni, inatsika kufika pansi pa biliyoni imodzi. Koma chimwemwe chake sichinakhalitse. Mu Novembala 2020 boma linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ina yatsopano yomwe linatenga pa misika yakunja.

Nkhani ya thonje ndiyo yovuta kwambiri, ndipo ndiyo imakhudza mlimi wa ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi m'thumba mwenimweni.

Kale thonje lonse linkagulidwa ndi kampani ya boma ya Lintco. M'chaka cha 1994 boma la a Frederick Chiluba linagulitsa kampaniyi, mogwirizana ndi ndondomeko zomwe banki ya World Bank ndi bungwe la IMF zinkalimbikitsa. Katundu wake anagawidwa kwa makampani a Lonrho ndi Clark Cotton, ndipo Clark Cotton ndiyo inakhazikika ku Chipata. Kuchokera apo eni ake akhala akusinthana: Lonrho inasiyira Dunavant ya ku America, Dunavant inagulidwa ndi NWK ya ku South Africa mu 2013, pomwe Clark Cotton inagulidwa ndi Cargill mu 2006, nayonso n'kudzachoka pambuyo pake. Makampani a ku China ndi ku India analowanso m'bwalo. Mlimi yekha ndiye sanasinthe.

Kunena zoona, makampaniwa anabweretsa zina zabwino. Chiwerengero cha alimi a thonje chinakwera, ndipo mlimi wopanda ndalama ankatha kulandira mbewu ndi mankhwala pa ngongole, n'kudzabweza pa nthawi yokolola. Vuto lagona pa mgwirizano womwewo. Mlimi amalandira zipangizo mvula isanagwe, koma mtengo wogulira amaumva thonje litayera kale m'munda, ndipo sangakagulitse kwina chifukwa anasainirana ndi kampani yomwe inam'kongoza. Akagulitsa mozemba kwa wina wopereka mtengo wabwinopo, amatchedwa wosakhulupirika. Kampani ikatsitsa mtengo, imati ndi msika wa dziko lonse watero.

Chaka cha 2012 chinaonetsa poyera mmene unyolowu umagwirira ntchito. Mu Marichi 2011 mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse unapitirira madola awiri pa paundi, ndipo alimi a m'Zambia analandira K3,200 ya ndalama zakale pa kilogalamu. Poona phindulo, mabanja ambiri anakulitsa minda. Chaka chotsatira mtengo wakunja unagwa pansi pa dola imodzi, ndipo makampani analengeza kuti agula pa K1,600, theka la mtengo wa chaka chatha. M'madera ena a chigawo cha kum'mawa alimi okwiya anatentha thonje. Chaka chotsatira ambiri anasiya mbewuyi n'kutembenukira ku soya, mpendadzuwa ndi mtedza.

Zomwe zinachitikazi ndi zomwezo mabungwe ankachenjeza ku Lusaka. Lipoti la bungwe la Oxfam la mu 2002 linaonetsa kuti alimi a thonje okwana 25,000 a ku America analandira madola 3.9 biliyoni kuchokera ku boma lawo m'nyengo imodzi yokha, zomwe zinkachititsa kuti thonje lichuluke pa msika ndi kutsika mtengo. Maiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anatengera dandauloli ku msonkhano wa bungwe la WTO ku Cancún mu 2003. Dziko la Brazil linasumira America ku bungwe lomweli ndipo linapambana. Mlanduwo unatha mu 2014 pamene America inalipira Brazil madola 300 miliyoni. Ndalama imeneyo inapita kwa alimi a ku Brazil. Ya ku Chipata palibe inafika.

Palinso china chomwe sichinenedwa kawirikawiri. Kutsegula malire komwe kunabweretsa ogula thonje ndi komwenso kunadzaza misika ndi salaula ndi nsalu zotchipa zakunja. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima ntchito mu 2007. Chotsatira chake n'chakuti thonje lambiri la kum'mawa limatuluka m'dziko lili m'mabelo, ndipo mlimi yemwe analilima amagula malaya ovalidwa kale pa msika wa Kapata.

Pa nkhani ya chilengedwe, zizindikiro zili pa mapiri ozungulira Chipata, omwe ambiri tsopano ndi apululu. Boma la Zambia lakhala likunena kuti dziko limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango chaka chilichonse. Sikoyenera kukankhira mlandu wonse kwa makampani akunja: kuotcha makala, kutsegula minda yatsopano ndi kukula kwa mzinda zikutha mitengo yambiri. Komabe fodya ali ndi gawo lake. Wa Burley amafuna mitengo yomangira zigafa, zomwe zimakonzedwa kawirikawiri chifukwa cha chiswe, pomwe wa Virginia amaumitsidwa ndi moto wa nkhuni kwa masiku angapo. Mtengo wa nkhalango imeneyo sulembedwa pa chikalata chogulira fodya. Sulembedwanso mtengo wa thanzi la munthu wopopera mankhwala a thonje wopanda zodzitetezera, kapena wa mwana wojomba kusukulu pa nthawi yothyola ndi kusoka fodya. Mtengo wa mukula nawo unadulidwa kwambiri m'zigawo zingapo za dziko lino chifukwa cha msika wa ku China, mpaka mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa ndi pangano la CITES, dziko la Malawi litapempha.

Kodi munthu wolakwiridwa angadandaule kuti? Apa ndi pomwe mabungwe analephera pang'ono chabe, koma kulephera kwake n'kowawa. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia amateteza ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wopembedza, koma gawo lake la maufulu silitchula ufulu wa chakudya, madzi kapena malo okhala aukhondo monga zinthu zomwe munthu angasumire ku khoti. Mabungwe ndi mipingo anamenyera kwa zaka zambiri kuti maufuluwa alowemo. Nkhaniyi inaperekedwa kwa anthu pa riferendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, tsiku limodzi ndi chisankho chachikulu. Pafupifupi anthu 71 mwa 100 alionse omwe anaponya voti yovomerezeka anati inde, koma ovota sanafike theka la anthu onse oyenera kuvota monga lamulo limafunira, ndipo nkhaniyo inagwa. Funso lake linali lalitali ndi lovuta kumva, ndipo linamira m'phokoso la kampeni ya zipani.

Chodabwitsa n'chakuti chilungamo china chapezeka kudzera m'njira zomwezo za malonda a dziko lonse. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola angathe kusumira kampani ya Vedanta ku London chifukwa cha madzi oipitsidwa ndi mgodi wa Konkola. Mlanduwo unatha mu Januwale 2021 pa mgwirizano wa kunja kwa khoti, kampaniyo isanavomere kulakwa. Koma mlandu wotere umafuna mtsinje woonongeka, umboni wa akatswiri ndi kampani imodzi yoilozera chala. Mlimi yemwe wataya theka la ndalama zake chifukwa cha malamulo a boma lina lakutali alibe woti am'sumire.

Ntchito yomwe yaoneka pansi ku Chipata yakhala yaing'ono ndi yosamveka kutali. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a lizi ya zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo zavomereza, ndipo mlimi wopanda chikalata amakhala pa chiopsezo akabwera wandalama. Bungwe la Chipata District Land Alliance, lomwe lili m'gulu la Zambia Land Alliance, linagwira ntchito ndi mafumu Mkanda, Mnukwa, Maguya ndi Mshawa kuyeza minda ndi kupereka zikalata za malo a makolo, zina zolembedwa maina a amayi. Bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, limagula mtedza, mpunga ndi uchi kwa alimi omwe asiya kupha nyama ndi kudula mitengo, ndipo lili ndi fakitale ku Chipata. Ntchito ya zikalata ija inkadalira ndalama za USAID, bungwe lomwe boma la America linatseka mu 2025. Izi zikukumbutsa chofooka chakale cha mabungwe omwe si a boma: ambiri amatsutsa mphamvu za maiko olemera pogwiritsa ntchito ndalama zochokera komweko.

Msika wa dziko lonse tsopano wapeza chinthu china chogula kum'mawa. Itatha pulojekiti ya Zambia Integrated Forest Landscape ya madola 32.8 miliyoni, yomwe World Bank inavomereza mu 2017, boma linasainirana ndi bankiyi mu 2024 pangano loti chigawo cha kum'mawa chilandire ndalama zofika madola 30 miliyoni ngati chichepetsa mpweya woipa ndi matani 3 miliyoni posunga nkhalango ndi kusintha kalimidwe. Panganoli linabwera m'chaka chomwecho chomwe mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse.

Monga zilili ndi thonje, wogula ali kunja, woyeza ndi katswiri wakunja kwa mudzi, ndipo mtengo unagwirizanidwa mlimi palibe. Lamulo la nkhalango la 2015 limapatsa magulu a anthu a m'midzi mphamvu zoyang'anira nkhalango zawo ndi kulandira phindu lake. Ntchito yomwe ili m'manja mwa mabungwe monga Caritas Chipata ndi Civil Society for Poverty Reduction ndi yotsata ndalamazo kuchokera ku Lusaka mpaka kwa mfumu, ndi kuchokera kwa mfumu mpaka kwa banja lomwe lauzidwa kuti lisiye nkhwangwa.